Foni ikalira kuti chivomezi chikubwera: zimene ndakonza pakhomo panga ku Chawama

Chipsera chimene chili kuphazi lamanzere la mwana wanga Dalitso sichinabwere ndi khoma logwa. Usiku umenewo nyumba yathu sinang'ambike ngakhale pang'ono. Dziko linangogwedezeka kanthawi kochepa, malata n'kulira ngati padenga pakuthamangitsana amphaka, matambula amene amake anandandalika pamwamba pa kabati n'kugwa. Magetsi anali atathima. Ine ndinadzambatuka ndikukuwa kuti aliyense atuluke, mwana n'kudumpha pabedi wopanda nsapato, phazi lonse pagalasi losweka. Kunja kumacha tili kuchipatala akumusoka. Mawu amene anamuchotsa pabedi, pomwe anali wotetezeka, anali anga, ndipo mpaka lero ndikaona chipseracho mtima umandiwawa.

Ndimakonza mafoni pafupi ndi msika wa Town Centre. Tsiku ndi tsiku ndimatsegula ma Tecno, ma Itel ndi ma Samsung, ndipo m'foni yamakono iliyonse muli kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga kamene kamamva foni ikasuntha. N'kamene kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni, n'komwenso kamawerenga mapazi mukamayenda. Nditamva kuti kanthu komweko kangamve chivomezi n'kuchenjeza anthu chisanawapeze, ndinaifunafuna nkhaniyi mpaka kuimvetsa. Zimene ndalemba apa n'zimene ndachita kwanga, komanso zimene ndimauza makasitomala akakhala pabenchi kudikira kuti ndiwasinthire galasi.

Chenjezo si ulosi

Palibe munthu kapena makina amene angakuuzeni kuti chivomezi chichitika Lachinayi 3 koloko masana. Uthenga wotero ukafika pa WhatsApp, ufafanizeni, musautumize kwa apongozi kumudzi. Mu Januwale 2010 anthu ambiri ku Ghana anachezera panja usiku chifukwa cha mphekesera yotereyi, koma dziko silinagwedezeke. Chenjezo lenileni limabwera chivomezi chitayamba kale kwina, chisanafike pamene muli inuyo.

Amayi akamachokera ku Katete, basi ikangowoloka mlatho wa Luangwa amandiimbira: "Mwanawe, tawoloka, ukonzeke." Mawu awo amafika m'khutu mwanga nthawi yomweyo, pamene basi idakali ndi maola angapo kuti ilowe pa Intercity. Chivomezi nachonso chimayenda ulendo. Thanthwe likathyoka pansi pa nthaka, pamachoka mafunde a mitundu iwiri. Oyamba, amene akatswiri amawatchula kuti P, amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi, koma sawononga kwenikweni. Ndi aja amamveka ngati lole yadutsa kuseri kwa nyumba kapena wina wamenya chitseko kamodzi. Achiwiri, a S, amayenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi, ndipo ndi amene amakankhira nyumba uku ndi uku mpaka zinthu kugwa. Makina akamva mafunde oyambawo, kompyuta imayerekeza malo ndi kukula kwa chivomezicho n'kutumiza uthenga pa liwiro la magetsi. Uthengawo umapitirira mafunde owonongawo panjira, monga mawu a amayi amapitirira basi.

Tiyeni tiwerengere pamalo amene tikuwadziwa. Kuchokera padamu la Kariba kufika mu Lusaka, mosatsata kukhotakhota kwa msewu, pali makilomita pafupifupi 130. Mafunde a S angatenge masekondi 37 kuti afike kuno. Tichotsepo masekondi 10 oti makina amve, kompyuta iwerenge, uthenga ufike. Patsala masekondi oposa 20. Koma chivomezi chikayambira pansi penipeni pa mzinda, palibe chotsala: foni imalira inu mukugwedezeka kale, kapenanso pambuyo pake. Chowawa cha nkhaniyi n'chomwecho, kuti amene ali pafupi kwambiri, amene avutike kuposa onse, ndi amene amalandira nthawi yochepetsetsa.

Nzeru imeneyi si yadzulo. Mu 1868 dokotala wina wa ku San Francisco, J. D. Cooper, analemba m'nyuzipepala kuti aike zipangizo kutali ndi mzinda, zilumikizidwe ndi waya wa telegalafu, kuti dziko likagwedezeka kumeneko belu lalikulu lilire mumzinda. Panapita zaka zoposa 100 kuti zitheke.

Ku Mexico anaphunzira ndi maliro. Pa 19 Sepitembala 1985 chivomezi chinayambira kugombe la nyanja n'kukapha anthu masauzande ambiri mu Mexico City, mtunda wa makilomita oposa 300. Kuyambira mu 1991 anaika zipangizo m'mbali mwa gombelo, ndipo chifukwa cha kutalika kwa mtunda, mzindawo umalandira pafupifupi mphindi yathunthu. Mu Sepitembala 1995 analandira masekondi 72. Mphindi imodzi imakwana kuti kalasi yonse ya ana ituluke n'kukaima pabwalo. Koma pa 19 Sepitembala 2017 chivomezi china chinayambira kumtunda, pafupi ndi mzinda, masayirini n'kulira nyumba zitayamba kale kugwedezeka, ndipo anthu oposa 360 anafa. Ku Japan chenjezo linayamba kufika kwa anthu onse pa wailesi, pa TV ndi m'mafoni mu 2007. Pa 11 Malichi 2011, tsiku la chivomezi chachikulu chija, sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen zinamanga mabuleki zokha zitalandira chizindikiro, ndipo palibe wokwera amene anafa. Anthu ambiri amene anafa tsikulo anatengedwa ndi madzi a m'nyanja amene anasefukira pambuyo pake. Kumeneko zikepe za m'nyumba zosanjikizana zimaima pansanjika yapafupi n'kutsegula zitseko, makina a m'mafakitale amaima, dokotala amachotsa mpeni pathupi la wodwala.

Zonsezo n'zabwino, koma chimene chinandigwira mtima ine n'china. Ofufuza ataona anthu amene anavulala pa zivomezi za ku California, cha Loma Prieta mu 1989 ndi cha Northridge mu 1994, anapeza kuti oposa theka sanavulazidwe ndi nyumba zogwa. Anagwa okha pothawa, kapena anagweredwa ndi katundu wa m'nyumba. Nditawerenga zimenezo ndinaona phazi la Dalitso. Masekondi asanu sangaimitse khoma, koma amakwana kuti munthu atsike pamakwerero, achoke pafupi ndi poto wa phala lowira, akoke mwana n'kulowa naye pansi pa tebulo.

"Koma kuno zivomezi kulibe"

Mawu amenewa ndimawamva pabenchi langa pafupifupi sabata iliyonse. N'zoona kuti sitili ngati Japan. Koma tili kumchira kwa mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, umene unapanga nyanja ya Tanganyika ndi nyanja ya Malawi, ndipo chigwa cha Luangwa ndi cha Zambezi ndi nthambi zake. Nyanja ya Kariba itadzaza, kulemera kwa madzi kunautsa zivomezi zambiri, chachikulu chinachitika mu Sepitembala 1963 ndipo chinapitirira 6 pa muyeso wa zivomezi. Mu Malichi 1989 cha ku Salima chinapha anthu 9 n'kusiya zikwizikwi opanda pogona. Mu Febuluwale 2006 ku Machaze, ku Mozambique, kunachitika cha 7.0 chimene chinamveka m'mayiko angapo oyandikana. Kwathu konkuno, mu Febuluwale 2017, cha 5.9 chinagwedeza Kaputa n'kuwononga nyumba.

Amalume anga ankapita ku Karonga kukagula mpunga, ndipo mu Disembala 2009 zivomezi za kumeneko zinawapeza ali komweko. Sichinali chimodzi. Dziko linkagwedezeka, n'kuleka, n'kuyambiranso, kwa milungu iwiri, chachikulu chinafika pa 6.0. Anafa anthu 4, ovulala anali mazana, nyumba zowonongeka masauzande. Amalume amati chimene sadzaiwala ndi phokoso la njerwa zikamagumuka pakhoma la kumutu kwa nyumba, lija losongoka limene limachirikiza denga, komanso anthu kugona panja mvula ikugwa chifukwa choopa kulowa m'nyumba zawo zomwe. Amandiuza kuti, "Mphwanga, tsoka silinunkha. Tinadya nsima bwinobwino madzulo ake."

Mu Lusaka muli siteshoni yoyeza zivomezi imene ili m'gulu la masiteshoni a padziko lonse, ndipo dipatimenti ya boma ya Geological Survey ndiyo imatsata za kugwedezeka kwa nthaka. Koma kuyeza n'kwina, kuchenjeza n'kwina. Masayirini a m'misewu ngati a ku Mexico City ife tilibe. Chimene tili nacho pafupi ndi foni ya m'thumba.

Kutsegula chenjezo pafoni

Mu 2020 Google inayamba kugwiritsa ntchito mafoni a Android ngati zipangizo zomvera zivomezi. Foni ikakhala chete pachaja, kachipangizo kaja kamamvetsera. Ikamva kugwedezeka kofanana ndi mafunde a P, imatumiza uthenga ku kompyuta za Google pamodzi ndi dera limene ili. Foni imodzi ikhoza kunamizidwa ndi mwana amene wagunda tebulo, koma mafoni mazana akanena chimodzimodzi pa sekondi yomweyo, kompyuta imadziwa kuti ndi nthaka.

Tengani foni yanu tsopano. Lowani mu Settings, funani pamene alemba Safety & emergency, mupezamo Earthquake alerts. M'mafoni ena zimabisala mu Location. Njira yachidule ndi kulemba mawu oti earthquake pamalo ofufuzira pamwamba pa Settings. Mukapeza, tsegulani. Ntchitoyi inatsegulidwa dziko ndi dziko, ndipo tsamba lomwelo limakuuzani ngati ikugwira m'dera limene muli. Ngakhale likakuuzani kuti siikugwira, isiyeni yotsegula, makamaka inu madalaivala a malole ndi amalonda amene mumadutsa pa Nakonde kupita ku Mbeya ndi Dar es Salaam, chifukwa njira imeneyo imadula pakati penipeni pa mng'alu uja. Mafoni a mabatani alibe zimenezi. Mafoni a Android opanda mapulogalamu a Google alibenso, ndipo iPhone imadalira machenjezo a boma la dziko limene muli.

Apa ndiye pamene ambiri timagwera. Chenjezo limafuna zinthu ziwiri: Location ikhale yotsegula, ndipo foni ikhale pa intaneti. Koma ife, pofuna kusunga bandulo, timathimitsa data tikamagona, ndipo pofuna kusunga batire masiku a kuzimazima kwa magetsi timathimitsa Location. Ndikumvetsa, ndalama ya bandulo siitoledwa pansi. Komatu chimene chimadya bandulo usiku si chenjezoli, ndi mavidiyo amene amadzitsitsa okha pa WhatsApp ndi mapulogalamu amene amadzikonza okha. Tsekani zimenezo, data muisiye. M'nyumba simufunika mafoni onse akhale maso; imodzi yokha yakwana. Kwathu ndi yanga, ndipo imagona pampando pafupi ndi mutu wanga, osati pabalaza.

Machenjezo ake ndi awiri, ndipo amatumizidwa chivomezi chikayerekezedwa kuti chafika pa 4.5 kapena kuposa. Laling'ono, lolembedwa Be Aware, limabwera ngati uthenga wamba pamene kugwedezeka kudzakhale kochepa. Lalikulu, lolembedwa Take Action, limayatsa foni yonse n'kulira mokweza ngakhale munaitseka pakamwa. Patsamba lomwelo pali poyesera kulira kwake. Musayese muli nokha. Itanani onse a m'nyumba, ndi wantchito yemwe ngati muli naye, amve kuliraku kawiri kapena katatu, kuti tsiku lenilenilo wina asataye masekondi ake kufunsa kuti, "Foni ya ndani ikulirayo?"

Ndisakunamizeni kuti makinawa salakwa. Pa 6 Febuluwale 2023 chivomezi cha 7.8 chinapha anthu oposa 50,000 ku Turkey ndi Syria, ambiri ali m'tulo. Makina a Google anachiyesa chaching'ono, ndipo chenjezo lalikulu lija linafika kwa anthu ochepa kwambiri. Kampaniyo inavomereza zimenezi mu 2025. Nthawi zinanso foni imalira koma dziko osagwedezeka. Chifukwa chake ndimauza ana anga kuti chenjezo lili pawiri: kulira kwa foni, ndi kugunda koyamba kuja kwa nthaka. Chilichonse chimene chayamba kufika, zochita n'zomwezo.

Yendani m'nyumba mwanu ndi maso achilendo

Gawo ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa silifuna foni, silifuna bandulo, ndipo limagwira ntchito ngakhale chenjezo litachedwa. Loweruka lina ine ndi amake Dalitso tinaima pakhomo la chipinda chilichonse n'kudzifunsa funso limodzi: nyumba ino itakankhidwa mwamphamvu, chigwere munthu n'chiyani?

Tinapeza zambiri kuposa mmene tinkaganizira. Pamwamba pa wadilopu, moyang'anana ndi pamene mwana wamng'ono amaika mutu, panali sutikesi yodzaza mabuku ndi mashini osokera a amayi. Tinazitsitsira pansi pa bedi. Kabati ya mbale ndinaimangirira kukhoma ndi tizitsulo tiwiri topinda ndi mabawuti, zonse pamodzi mtengo wake sunafike pa galasi limodzi la foni. Matambula ndi mbale zadothi zinatsikira m'munsi, zapulasitiki n'kukwera pamwamba. TV ndinaimanga kumbuyo ndi lamba. Galasi loyang'anira nkhope limene linali pamwamba pa bedi tinalisamutsira kukhoma lina. Bedi la ana tinalikoka kuchoka pawindo. Ndipo pansi pa bedi lililonse pali nsapato ndi tochi, usiku uliwonse, popanda kukambirana.

Kenaka tulukani panja muyang'ane m'mwamba. M'makomboni mwathu ambiri timapanikiza malata ndi miyala, mabuloko ndi matayala kuti asauluke ndi mphepo. Buloko limene lili m'mphepete mwa denga, pamwamba pa khomo, likudikira munthu amene atuluke akuthamanga. Ngati simungathe kukhomera malata bwino mwezi uno, chotsani zolemera zimene zili pamwamba pa khomo ndi pamene ana amasewera. Yang'ananinso mpanda wa mabuloko. Yambiri inamangidwa yaitali, yopyapyala, yopanda zitsulo mkati, ndipo ina inapendekeka kale ndi madzi a dzinja. Mpanda wotero ndi umene umayamba kugwa. Thanki ya madzi ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, ndiye taonani miyendo yachitsulo imene yaisenza, ngati yachita dzimbiri kapena ngati inangoikidwa pasimenti popanda mabawuti. Ngati nyumba ndi yalendi, kambani ndi alandilodi mwaulemu, muwatengere pomwepo aone ndi maso awo. Anga anandimvera ulendo wachitatu, nditawaonetsa mwendo umodzi umene unadyeka mpaka chala kulowa.

Za zitseko ndilankhule mosabisa. Chifukwa cha akuba timagona m'nyumba zokhala ngati khola: mawindo a zitsulo, chitseko chachitsulo, maloko awiri kapena atatu. Sindikunena kuti muchotse. Koma makiyi akhale pamsomali umodzi wodziwika, pamene ngakhale mwana wa zaka 7 angafike mumdima. Kugwedezeka kukatha mudzafuna kutuluka, ndipo mwina mudzakhala mukutuluka ndi utsi kumbuyo.

Moto ndi mnzake wa chivomezi. Mbaula ikhale pansi, pamalo osalala, kutali ndi makatani, osati pampando kapena pambale yovundikira. Kandulo asagone akuyaka. Ambiri tagula gasi zaka zino. Botolo lake limangidwe kuti lisagubuduke, ndipo aliyense wamkulu m'nyumba adziwe kutseka kwake.

Masekondi aja akafika

Gwadani, bisalani, gwiritsitsani. Mawu atatu amenewa ndi amene ana anga amawadziwa ngati pemphero.

Gwadani pansi ndi manja ndi mawondo chivomezi chisanakugwetseni chokha. Kwawirani pansi pa tebulo lolimba, dzanja limodzi litaphimba mutu ndi khosi, linalo litagwira mwendo wa tebulo, chifukwa tebulo limayenda ndipo muyenera kuyenda nalo. Ngati tebulo palibe, khalani chogwada pafupi ndi khoma la mkati, kutali ndi mawindo ndi makabati, manja onse kumutu. Musaime pakhomo, mphuthu za nyumba zathu sizolimba kuposa khoma, ndipo chitseko chimamenya zala ndi nkhope. Chikakupezani pabedi, khalani pomwepo, gonani chafufumimba, pilo kumutu. Ndikanadziwa chimenechi chokha, mwana wanga sakanasokedwa.

Ngati mukuphika pagasi kapena pamagetsi ndipo dzanja lili pafupi, thimitsani kamodzi n'kuchokapo. Ngati muli pambaula, ingochokanipo, musayese kunyamula poto. Mayi amene ali ndi khanda alifungatire pachifuwa, agwade, msana wake ukhale denga la mwanayo. Agogo amene sangagwade akhale pampando pomwepo, awerame, aphimbe mutu ndi pilo kapena ndi manja. Wa panjinga ya olumala amange mabuleki. Musataye nthawi kuthamangira kuchipinda china kukatenga mwana wamkulu. Mukuwireni mawu atatu aja, iye achite yekha kumene ali. N'chifukwa chake timaphunzitsa.

Funso limene limavuta ndi lakuti, kutuluka kapena kusatuluka? Ine maganizo anga ndi awa. M'tauni muno, m'nyumba ya mabuloko ya denga la malata, ndi mpanda pafupi, ndi mawaya a magetsi pamwamba, ndi miyala padenga, panja pa khomo ndi pamalo oopsa kuposa pansi pa tebulo. Khalani mkati mpaka kugwedezeka kuthe. Koma kumudzi, m'nyumba ya zidina zosawotcha, ngati muli pafupi ndi khomo ndipo kunja kuli bwalo loyera, tulukani msanga, chifukwa makoma otero amagumuka onse nthawi imodzi. Nyumba zadothi ndi zamiyala n'zimene zinapha anthu ambiri m'midzi ya kumapiri ku Morocco mu Sepitembala 2023, pamene anafa pafupifupi 3,000. Chachikulu n'chakuti chisankho chimenechi muchipange lero, mutaima m'nyumba mwanu masana, osati usiku foni ikulira.

Amene mumagwira ntchito m'nyumba zosanjikizana za mu Cairo Road, musathamangire masitepe ndipo musalowe m'chikepe. Anthu 50 akapanikizana pamasitepe amene akugwedezeka amathyolana okha. Pansi pa desiki ndi pabwino. Muli pamsika, chokani pansi pa zikwangwani ndi mawaya, gwadani poyera, dengu kapena chikwama kumutu. Woyendetsa minibasi kapena galimoto apatuke pang'onopang'ono, asaime pansi pa mlatho wodutsa pamwamba kapena pafupi ndi zikwangwani zikuluzikulu zija za mu Great East Road, ndipo anthu akhale m'galimoto momwemo.

Thupi liphunzire

Munthu akadzidzimuka mutu umaima, thupi n'kuchita zimene linazolowera. Thupi langa linazolowera kuthawa, n'chifukwa chake ndinakuwa zolakwika. Ku Japan ndi ku Mexico ana asukulu amayeserera kawirikawiri, ndipo Mexico City imayeserera mzinda wonse pa 19 Sepitembala chaka chilichonse. Makina awo amapulumutsa anthu chifukwa amalirira anthu odziwa chochita.

Kwathu timayeserera Lamlungu loyamba la mwezi, tikabwera kutchalitchi. Ndimaliza kulira kuja pafoni popanda kuwauza nthawi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Tsiku loyamba zinatitengera masekondi 19. Wamng'ono anathamangira kwa amake, Dalitso anaima chilili kufuna nsapato, ndipo tinazindikira kuti pansi pa tebulo lathu pamakwana anthu atatu okha pomwe tilipo asanu. Tinagawana malo: ana ndi amake pansi pa tebulo, ine ndi mlamu wanga pakhoma la mkati pafupi ndi mpando waukulu. Tsopano timakwanitsa m'masekondi 4. Kamodzi tinayesa usiku nyali zitathima, ndipo apo m'pamene tinaona kuti tochi ya ana inalibe mabatire.

Ngati ndinu mphunzitsi, mtsogoleri wa kwaya kapena wapampando wa chilimba, tengani mphindi zisanu pamsonkhano wotsatira. Funsani kusukulu ya ana anu ngati anaphunzitsidwapo kulowa pansi pa madesiki. Ine ndinafunsa pamsonkhano wa makolo, ena anang'ung'udza kuti tikuchedwa, koma aphunzitsi aakulu analemba, ndipo teremu yotsatira ana anabwera akundionetsa mmene anachitira.

Kugwedezeka kukaleka

Werengani mpaka 30 musanadzuke, chifukwa zinthu zina zimagwa mochedwa. Valani nsapato. Nunkhizani: mukamva fungo la gasi, musayatse machesi, musakhudze switchi, tsekani botolo, tsegulani mawindo, tulukani. Zimani makala amene amwazika. Tulukani mwadongosolo, maso m'mwamba, mukaime poyera kutali ndi mpanda ndi thanki. Gwirizanani kale malo okumanirana. Athu ndi pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu.

Kumbukirani za amalume ku Karonga: chivomezi chimakhala ndi ana ake, ndipo khoma limene lang'ambika ndi choyamba limagwa ndi chachiwiri. Mukaona mng'alu wodutsa khoma mopingasa, kapena khoma lasiyana ndi linzake pangodya, musagonemo mpaka mmisiri wodziwa aone, ndipo dziwitsani akhansala kapena a DMMU, ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Wovulala msana kapena khosi musamunyamule pokhapokha ngati pali moto kapena khoma likufuna kumugwera. Kuno ku Zambia ambulansi ndi 992, ozimitsa moto 993. Kwa abale tumizani uthenga wolemba m'malo moimba, chifukwa aliyense akamaimba nthawi imodzi netiweki imadzaza, pamene uthenga waufupi umapeza mpata n'kudutsa. Mukatero gogodani kwa aneba, makamaka kumene kuli okalamba okhala okha. Pafupi nafe pali agogo ena amene samva bwino, ndipo foni yawo ndi ya mabatani. Tinagwirizana kuti kugwedezeka kukangoleka, woyamba kupita kwa iwo ndi mlamu wanga, ndipo kiyi wa chitseko chawo chachitsulo ali pamsomali womwe uja pamodzi ndi makiyi athu.